Mendulo ya agogoyo isachoke m'manja mwanu

Achemwali, nditangoona chithunzi cha mendulo ya agogo anu chomwe mwaika pano pagulu, mtima wanga wachita phaa. Musaipereke kwa munthu! Alipo kale amene akulemberani kuseri kuti ali ndi mbale wawo ku Zomba, atha kukufufuzirani, ndikudziwa. Musawayankhe. Kansalu kachikasu ka mizere iwiri yobiriwira pakati ndi yakuda m'mbali, kachitsulo kopingasa kolembedwa Nyasaland 1915, imeneyo ndi Africa General Service Medal. Kachitsuloko ankapatsa anthu amene boma la atsamunda linawatuma kukazimitsa kuukira kwa John Chilembwe ku Chiradzulu, mu January ndi February 1915. Si zambiri, ndipo ogula zinthu zakale amazisaka. Za kumene agogo anu anagwira usilikali zili m'mphepete mwa mendulomo. Ipendeketseni padzuwa, muona nambala, dzina ndi gulu lawo zitadindidwa mozungulira. Lembani zimenezo m'kope lero lomwe, musanagone.

Ife sitinalembe, n'chifukwa chake ndikulemba manja akunjenjemera. Kwathu ku Chiputula, kuno ku Mzuzu, tinali ndi mendulo ya agogo awo a bambo, omwe anali mu Keyala (King's African Rifles, KAR, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda) ndipo anamenya nawo nkhondo ndi Majeremani ku Karonga mu September 1914. Inali yasiliva, yolemera ukaigwira, kutsogolo mutu wa King George V, kumbuyo munthu atakwera hatchi. Inkakhala m'kachitini ka tiyi, itakulungidwa m'mpango wa malemu agogo aakazi. Bambo maso anali atayamba kale kuchita khungu, ndiye ankaiwerenga ndi chala. Amayendetsa chala chachikulu m'mphepetemo pang'onopang'ono, n'kumatchula dzina la agogo awo ngati akuwaitana.

Ndiye kunabwera bambo wina wa kumpingo kwathu, munthu wa jekete ndi tayi ngakhale pa Lachitatu, Baibulo m'khwapa. Anati amadziwana ndi akuluakulu ku Zomba, akatipezera faelo yonse, mwinanso pali ndalama zomwe banja silinalandire. Mawu akuti ndalamawo ndi amene anatipusitsa, ndisabise. Mendulo ija ndinampatsa ndekha, ndi manja angawa, ndinawonjezeranso ya basi ndi ya chakudya panjira. Miyezi inayi zii. Ukamuimbira, akuti mafaelo ali ndi bwana, bwana apita kumaliro. Ukakumana naye ku Katoto, wawoloka msewu. Tsiku lomwe anaibweza linali Lamlungu titaweruka, kukuwaza kamvula kozizira ka kuno kaja. Anaipereka mu envulopu atayima pakhomo, kukana ngakhale mpando. Ine ndinaona kuti ndi yozungulira, yoyera, ili ndi mutu wa mfumu, ndinathokoza mpaka kuwomba m'manja. Bambo anailandira ali pampando wawo pafupi ndi mbaula. Anaiyeza m'dzanja, kenako chala chija chinayamba kuyenda m'mphepete. Chinazungulira kamodzi. Chinazunguliranso. Kachitatu chinaima. M'mphepetemo munali see, mopanda chilembo ngakhale chimodzi. Sanakalipe, anangoti, "Awa si agogo." Anandipatsa, n'kutembenukira kukhoma, nsima ya tsiku limenelo sanaikhudze.

Pambuyo pake ndi pomwe ndinadziwa kuti anatipatsa War Medal ya nkhondo ya 1939 mpaka 1945, ya mutu wa King George VI ndi mkango kumbuyo. Zimenezo zilipo zambirimbiri, ndipo zambiri ankazipereka zosadinda dzina. Nkhondo ina, mfumu ina, munthu wina. Titamufunsa analumbira kuti ndi yomweyo, akuti nkhalamba yasokonezeka mutu. Nkhalamba imene inasunga chinthucho zaka zoposa makumi asanu! Akulu a mpingo anati tikhululuke, tilibe umboni. Umboni tikanautenga kuti, chithunzi sitinajambule, nambala sitinalembe. Mpaka lero munthuyo amakhala kutsogolo m'tchalitchi, amatsogolera pemphero, ine ndimatuluka akayamba. Bambo anatisiya chaka chotsatira osadziwa kuti agogo awo anali mu 1st KAR kapena 2nd KAR.

Tsono inu chitani izi. Jambulani mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete monse. Musaikweche ndi phulusa kapena sitiliwulo kuti iwale, zilembozo zimafufutika, ndipo kansaluko musakachape ngakhale kada bwanji. Nambalayo musaiike pano pagulu. Mabuku a maina a olandira mamendulo amenewa amasungidwa ku National Archives ya ku Kew, ku London, ndipo zina zimafufuzika pa intaneti ukakhala ndi dzina ndi nambala. Yesani kalembedwe kosiyanasiyana, chifukwa makalaliki achizungu ankapotoza maina athu, ndipo ena ankalembetsa usilikali ndi dzina lina osati la kumudzi. Kuno kwathu pitani ku National Archives ku Zomba, komwenso kuli nsanja yachikumbutso ya Keyala. Ngati agogo anafera kunkhondo, onani pa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losunga maina a anthu amene anafera kunkhondo, koma mukapanda kuwapeza musadabwe, iwo eni anavomereza mu 2021 kuti anthu akuda ambiri amene anafa sanakumbukiridwe ndi maina awo ngati azungu.

Komabe chithunzi chokha sichikwana, pamafunika munthu wodziwa aigwire, aiyang'ane bwino, chifukwa zabodza ziliko. Funsani a VELOM, bungwe la asilikali opuma, kapena mudikire mwambo wokumbukira asilikali mu November mukakambe ndi achikulire ovala mamendulo aja. Moyale Barracks tili nayo konkuno, dzina lake linachokera ku Moyale, malire a Kenya ndi Ethiopia, komwe anyamata athu anamenyana ndi Mataliyana mu 1940. Anthu odziwa mbiri sangasowe. Apatseni aone, koma maso anu ali pompo.

Konzekeraninso mtima. Mendulo imeneyi ikutanthauza kuti agogo anu anali mbali ya boma pamene Chilembwe ankasakidwa, munthu amene lero tili naye pa ndalama ndipo timamukumbukira pa 15 January. Abale ena sadzafuna kumva. Ine ndikuti fufuzanibe, msilikali sankasankha kopita. Ndikanakonda kudziwa zowawa za agogo athu kusiyana ndi kachitini kopanda kanthu komwe tatsala nako.