Afotokozi m'Chingerezi cha sayansi: yankho kwa mphunzitsi wa olankhula Chisipanishi

Mayi wina wanditumizira imelo. Amaphunzitsa Chingerezi pa intaneti, ndipo ophunzira ake ambiri ndi a ku Colombia ndi Mexico amene akulemba malipoti a kafukufuku. Akuti: "Afotokozi akuwazunguza mutu. Ndiyambire pati?"

Mayi, yambirani pa Chichewa chanu chomwechi. Ife timati "zotsatira zofunika": dzina kaye, mfotokozi pambuyo, ndipo dzina likasintha nayenso amasintha, "chotsatira chofunika". Chisipanishi chimateronso: "resultados importantes". Ndiye mukaona "results importants" kapena "differents methods", musadabwe, m'chinenero chawo n'zolondola. Auzeni kuti m'Chingerezi mfotokozi amatsogola ndipo salandira "s". Izi sizichedwa kulowa.

Ovuta ndi mawu ooneka ngati apachibale pomwe chibale palibe. "Actual" wa Chisipanishi ndi "wa panopa", wa Chingerezi ndi "weniweni". Nanga "sensible"? Wophunzira amalemba "a sensible test" pofuna kunena chipimo chotha kupeza kachilombo ngakhale kali kochepetsetsa, koma Mngerezi amamva kuti chipimocho n'chanzeru. Amafuna "sensitive". Aliyense akhale ndi kope lake lolembamo oterewa.

Ayesereninso kutembenuza mayina osanjikizana. "Proteína de la membrana celular" imakhala "cell membrane protein", kuyambira kumchira kubwerera kumutu, ma "de la" onse atachoka.

Koma chimene ine ndimalimbikira n'kudulira. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa Vinkers ndi anzake pa zidule za mapepala a mu PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya kafukufuku wa zaumoyo. Zidule zokhala ndi mawu odzichemerera ngati "novel", "robust" ndi "unprecedented" zinali 2 pa 100 zilizonse cha m'ma 1974 mpaka 1980, koma pofika 2014 zinali 17.5. Eni Chingerezi omwe nawonso matendawa ali nawo, musamachite ngati ndi a ana anu okha. "Significant" ndiye muwaletseretu pokhapokha masamu atatsimikiza, mwachitsanzo p (nambala yothandiza kuona ngati zotsatira sizinangobwera mwamwayi) ili pansi pa 0.05.

Sabata ino apatseni ndime imene analemba okha, adule mzere kunsi kwa mfotokozi aliyense, n'kudzifunsa ngati pali nambala yoti ikhale pamenepo. Pamene panali "very high temperature" palembedwe "85 °C".