Mwana wanga akupunthwa pa aneni ataliatali a Chipolishi

Funso: Mwana wanga wamkazi ali ku Łódź, m'dziko la Poland, komwe akuphunzira chiyankhulo chaka chimodzi asanayambe digiri. Kulemba akukhoza, koma akatchula mawu ngati przeczytalibyśmy aphunzitsi samumva. Ndimupezere mphunzitsi wapadera? Ndalama n'zovuta.

Yankho: Mayi, ndalamazo zisungeni kaye. Vuto lake ndikulidziwa. Ife tinazolowera kuti phatikizo lililonse lithere ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake timati sukulu, buledi. Mwana wanu akuchita zomwezo, akulowetsa "i" ndi "u" pomwe palibe, mpaka mawu a maphatikizo 6 akusanduka a maphatikizo 9.

Muuzeni aziwerenga malembo a liwu, chifukwa ndiwo amaonetsa kuchuluka kwa maphatikizo (m'Chipolishi y nayenso ndi lembo la liwu): prze-czy-ta-li-by-śmy. Malembo awiriawiri monga rz, cz, sz ndi ch ndi liwu limodzi, sawagawa. Nayenso "i" akatsogolera lembo lina la liwu, monga mu nie kapena się, amangofewetsa lembo lam'mbuyo, sapanga phatikizo lake. Prz uja asamuope. Rz akatsatana ndi p amamveka ngati sz, ndiye ndi "psh", pafupi ndi mmene timayambira "psa" mu kupsa. Pakamwa pake panazolowera kale.

Mawuwo akutanthauza "tikadawerenga". Kusiyana kwake n'kwakuti ife "ti" ndi "kada" timaika kutsogolo, iwo amaika kumapeto: by ndiye "kada", śmy ndiye "ti".

Apa ndiye pagona nkhani. Chipolishi chimatsindika phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monganso Chichewa, ndipo pamenepa mwana wanu ali ndi mwayi kuposa anzake ambiri m'kalasimo. Koma by ndi śmy kale anali timawu tapadera, mpaka lero timawuti timatha kuchoka pa mneni, monga mu gdybyśmy przeczytali. Choncho potsindika satiwerengera. Aziyamba watchula przeczytali, kutsindika TA, kenako n'kumamatiza zotsalazo osasuntha: przeczyTAliśmy, przeczyTAlibyśmy. Akamva anzake m'basi akuti przeczytaLIśmy asadabwe, ambiri amayankhula choncho tsiku ndi tsiku. Pamayeso oyankhula ine ndingasankhe za m'buku.

Chinanso, poti ndi mtsikana: akamakamba za iye ndi atsikana anzake okhaokha, li amasanduka ły, przeczytałybyśmy, ndipo ł ameneyo amamveka ngati w wathu.

Poyeserera ayambire kumapeto, akuomba m'manja pa phatikizo lililonse ngati ku sitandade 1: śmy, byśmy, libyśmy, talibyśmy, mpaka mawu onse. Azidzijambula pafoni mphindi 10 patsiku n'kumawerenga ngati kuomba kwake kukukwana 6. Pakatha mwezi aphunzitsi asakumumvabe, mundilemberenso, tikambe za mphunzitsi wapadera wa maola ochepa, wongokonza katchulidwe basi.