Ulendo wa ku Lisbon: maola 11 aja ndi a m'mwamba okha

Mayi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wamkazi wapeza malo a sukulu ku Lisbon, likulu la dziko la Portugal, ndiye akufunsa kuti kuchokera ku Maputo ndi kutali bwanji, komanso ngati ndi zoona kuti ndi maola 11 basi monga mwanayo anaonera pa Google.

Mayi, ndi zoona koma si zonse. Pakati pa Maputo ndi Lisbon pali makilomita pafupifupi 8,400, ndipo ndege ya TAP, kampani ya ndege ya ku Portugal, yomwe imapita osaima pena paliponse imatenga maola 11 kapena kucheperako pang'ono. Ndege zikuluzikuluzi zimathamanga makilomita 850 mpaka 900 pa ola, mukawonjeza kukwera ndi kutera mupeza kuti masamu ake akugwirizana.

Koma mwana wanu sakhala ku Maputo, amakhala ku Angónia! Ayambe wakwera chapa, minibasi ija, m'mamawa mpaka ku Tete, makilomita opitirira 200, ndipo chapa mukuidziwa, siinyamuka isanadzaze, komanso imaima pena paliponse kukweza matumba a mbatata. Akafika pa bwalo la ndege la Chingozi ku Tete komweko akwere ndege yopita ku Maputo, maola awiri kapena apo. Pa nsewu musayerekeze, ndi makilomita oposa 1,500 ndipo afika atatopa kale ulendo weniweni usanayambe. Ine ndimati akagone ku Maputo usiku umodzi kwa achibale, chifukwa ndege iliyonse itha kuchedwa ndipo matikiti awiriwo mukawagula padera, yoyamba ikachedwa yachiwiri siidikira munthu, ndalama zapita. Ndiye werengani masiku awiri kuchokera pakhomo panu, osati maola 11.

Chomwe chimasokoneza ambiri ndi nthawi yolembedwa pa tikiti. Nthawi yonyamuka ndi ya kuno, yofikira ndi ya ku Portugal. Iwo ali m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi yotsalayo ndi maola awiri, chifukwa amasintha mawotchi awo pomwe ife sitisintha. Tiyerekeze kuti wanyamuka 10 koloko usiku mu Disembala: wotchi yanu ikamati 9 koloko m'mawa ya kumeneko ikhala pa 7. Ndiye mukaona pa tikiti ngati maola 9 okha musayambe kuimba foni ndi nkhawa kuti bwanji sanafike, akadali m'mwamba ameneyo.

Ena akuuzani kuti adzere ku Lilongwe poti ndi pafupi, kungowoloka malire pa Calomue kulowa Dedza. Pafupi ndi pafupidi, koma palibe ndege yochoka ku Lilongwe yopita ku Lisbon mwachindunji, ayenera kukasintha ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, mwinanso kusintha kawiri, ndipo kudikira pa mabwalo amenewa kutha kudya tsiku lathunthu. Kwa mwana yemwe sanakwerepo ndege, ine ndingasankhe ya ku Maputo, Chipwitikizi chake chimuthandiza njira yonse.

Afike pa bwalo kutatsala maola atatu, pasipoti, viza ndi kalata ya sukulu zili m'kachikwama ka m'manja. Nyama ndi mkaka musamulongedzere, ku Ulaya saloleza kulowa nazo, amulanda pa chipata.