Buleki ikumira mpaka pansi koma mafuta sakuchepa: vuto lili pati?

Achimwene ena a ku Mzuzu atilembera imelo za Toyota Corolla yawo ya 2004. Akuti akaima pamzere wa magalimoto phazi lili pa buleki, pedulo imatsika yokha pang'onopang'ono mpaka kukagunda pansi, galimoto n'kuyamba kusuntha. Akaipopa kawiri katatu imalimbanso. Makaniko anasintha mapadi akutsogolo koma vuto silinathe, ndipo mafuta a mabuleki m'kabotolo kake sakuchepa. Akufunsa kuti asinthenso chiyani.

Achimwene, choyamba imikani galimotoyo mpaka itakonzedwa. Buleki imene ikubwerera lero mukaipopa ikhoza kukana mawa pamalo oipa. Chachiwiri, musagule kanthu musanayeze, chifukwa mmene pedulo ikumirira ndiye mmene imaulula pamene pali nthenda.

Zimitsani injini, pondani buleki kanayi kapena kasanu mpaka pedulo italimba, kenako ikani phazi ndi mphamvu yochepa koma yosasintha kwa masekondi 30. Musaponde mwankhanza. Kuponda kwambiri kumatambasula timalabala takutha m'kati mwa master cylinder, mpope wokankha mafuta kupita ku matayala mukaponda buleki, n'kutseka mpata kwakanthawi, ndiye vuto limabisala. Pedulo ikamatsetsereka pansi pa phazi lopepukalo, mafuta akuthawira kwinakwake, kunja kapena m'kati.

Yambani ndi kunja ngakhale mukuti mafuta sakuchepa, pakuti kudontha kwakung'ono sikuoneka msanga pa mizere ya MIN ndi MAX ya pa kabotolo. Ikwezeni pa jeke, ikani zochirikiza, chotsani matayala onse anayi. Kutsogolo yang'anani kaliper, chitsulo chopanikiza mapadi, ndi mapaipi a labala ngati anyowa, ang'ambika kapena akutupa wina akaponda. Ngati kumbuyo kuli madramu, atsegulani n'kupinda ndi chala kalabala kophimba wheel cylinder, kasilinda kokankha ma shoe, amene ali ngati mapadi a m'dramu. Mukapezamo chinyezi, yatha, ndipo ma shoe amene amwa mafuta sachapidwa, amasinthidwa mbali zonse ziwiri. Malo amene ambiri amaiwala ndi pamene master cylinder yakumana ndi booster, chimbale chakuda chija chili kuseri kwake, chowonjezera mphamvu ya phazi. Penti ikasupuka pansi pake, mafuta akutulukira kumbuyo n'kumalowa mu booster, n'chifukwa chake pansi sipaoneka dontho.

Ponse pakakhala pouma, zimene mwafotokozazi zikuloza master cylinder. M'kati mwake muli mapisitoni awiri okhala ndi timalabala tokankha mafuta. Timalabalato tikatha, kapena khoma likadyedwa ndi dzimbiri, mafuta amazemba m'mbali n'kubwerera m'kabotolo m'malo mopita ku matayala. Palibe chotayika, koma mphamvu yatha. Mapadi sakanachiza zimenezi. Kuti mutsimikize, masulani mapaipi awiri otuluka mu master cylinder, tsekani mabowowo ndi zotsekera zamazinga oyenera, pondaninso. Pedulo ikamirabe, vuto ndi master cylinder, mlandu watha.

Ine ndimalimbikitsa kugula yatsopano yathunthu. Kusintha timalabala tokha kumathandiza ngati khoma la m'kati lili losalala, koma pa galimoto ya zaka zoposa 20 kawirikawiri limakhala ndi timaenje ta dzimbiri timene timadula labala watsopano. Yakale ya kwa ogulitsa zida zophwasula ikhoza kukhala ndi nthenda yomweyo. Pitani ndi imene mwachotsayo kusitolo kuti mufananize mabowo a mapaipi, chifukwa ya galimoto ya ABS (makina oletsa matayala kumangika mukaponda buleki mwadzidzidzi) ndi yopanda ABS zimatha kusiyana.

Pomasula mapaipi gwiritsani sipanala ya 10 ya mapaipi a buleki, yogwira nati pafupifupi mbali zonse. Sipanala wamba imakulunga nati. Yalani nsanza pansi, pakuti mafuta amenewa amadya penti. Musanaimange yatsopanoyo, ichotseni mpweya ili panja: ipanikizeni pa vaisi, thirani mafuta, lumikizani timapaipi tobwerera m'kabotolo, muzikankha pisitoni pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya. Ambiri amadumpha pamenepa n'kutha tsiku lonse akulimbana ndi pedulo yofewa.

Kenako chotsani mpweya m'matayala, amakaniko amati kubulida. Pamafunika anthu awiri, kapaipi koonekera m'kati, botolo, ndi mafuta okwana lita imodzi kuti akale onse atuluke. Yambani ndi teyala lakutali ndi master cylinder: pa galimoto ya chiwongolero cha kumanja ndi lakumbuyo kumanzere, kenako lakumbuyo kumanja, lakutsogolo kumanzere, n'kumalizira lakutsogolo kumanja. Mmodzi apope katatu n'kugwira, wina atsegule nipo (kabawuti kotulutsira mpweya kuseri kwa teyala), aitseke, ndiye wopondayo achotse phazi. Akachotsa nipo isanatsekedwe, mpweya umayamwidwanso. Kabotolo kasatsike kupitirira MIN. Ngati mafuta anatheratu pa galimoto ya ABS, mpweya umatha kutsala m'bokosi la ABS, ndipo nthawi zina pamafunika makina a kompyuta kuti utuluke.

Werengani chivindikiro cha kabotolo: Corolla yotere imafuna mafuta a mtundu wa DOT 3, ndipo DOT 4 imagwirizana nayo. DOT 5 ndi ya mtundu wina, musasakanize. Oyilo wa injini, wa giyabokosi kapena madzi a sopo musathiremo ngakhale mutasowa pogwira. Oyilo amatupitsa labala yense, ndipo madzi amabweretsa dzimbiri.

Popeza muli kumpoto, dziwaninso za kumira kwina. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi. DOT 3 watsopano amawira pa madigiri osachepera 205, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 140. Mukatsika Chiweta phazi lili pa buleki njira yonse, mafuta amawira, nthunzi n'kumafinyika ngati siponji, pedulo n'kumira. Ikazizira imabwerera ngati palibe chinachitika. Sinthani mafuta zaka ziwiri zilizonse, ndipo pamtsetse wautali muzitsika ndi giya yotsika. Zikakuchitikirani mukuyenda, popani mofulumira, tsitsani magiya, kokani handibuleki pang'onopang'ono batani lake mutalidina.

Mukamaliza kukonza, bwerezani kuyeza kwa masekondi 30 kuja. Mukaliza injini phazi lili pa buleki, pedulo itsike pang'ono n'kuima. Imeneyo ndi booster ikugwira ntchito. Yesani galimoto pabwalo lopanda anthu pa liwiro lochepa, kenako muyang'anenso manipo ndi polumikiza mapaipi ngati pali pouma.