Kwa mayi amene amuna awo ayamba ntchito ya gemu ku Nkhotakota

Mayi, mwafunsa kuti popeza bambo a kunyumba alembedwa ntchito yolondera nyama m'nkhalango ya Nkhotakota ndipo banja lonse likusamukira kufupi ndi mpanda, muyenera kusamala ndi matenda ati, muzikalandira kuti thandizo, komanso ngati kuli bwino kulowa inshuwalansi ya zaumoyo. Za inshuwalansi ayankhe ena. Ine ndikufuna ndikuuzeni za kaodzera, chifukwa mayankho ambiri amene mwalandira akungotchula malungo ndi maneti, ndipo ena afika pokulangizani kuti muzisunga mankhwala a malungo a LA m'nyumba n'kumamwa thupi likangotentha, amene ndi malangizo oopsa kwa banja lokhala m'dera la kashembe.

Kashembe ndi ntchentche yoluma masana imene imafalitsa matenda a kaodzera, ndipo imapezeka ku Nkhotakota, ku Vwaza ndi ku Kasungu. Kaodzera wa kuno ndi wa mtundu wofulumira: munthu akapanda kulandira mankhwala amatha kumwalira pa masabata kapena miyezi yochepa. Vuto lake ndi lakuti amayamba chimodzimodzi malungo, ndi kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'mfundo, ndipo kachipangizo koyezera malungo pachala sikamuona ayi. Tizilombo take timaoneka magazi akayikidwa pa maikulosikopu ku labotale.

Mlamu wanga ankagwira ntchito yomweyi, ndipo atadwala adapita ku kiliniki ina yolipira pafupi ndi msika. Adamuyeza malungo osawapeza, komabe adamupatsa mankhwala a malungo ndi Panado, ndipo atabwererako asakupeza bwino adamuwonjezera jakisoni n'kumulipitsanso. Pa mwendo pake panali chotupa chofiira, cholimba, chopweteka, pamene kashembe adaluma, koma palibe adachiyang'ana kapena kumufunsa kumene amagwira ntchito. Pamene tinkamutengera ku chipatala cha boma adali atayamba kugona masana ali chikhalire, mbale ya nsima ili pamwendo, usiku n'kumayankhula zosamveka. Adachira, koma adakhala nthawi yayitali asakugwira ntchito, ndipo ndalama zimene zidapita ku kiliniki ija, kuphatikiza thiransipoti, zidali pafupifupi malipiro ake a mwezi wathunthu.

Choncho wina m'banjamo akatentha thupi koma malungo osapezeka, kapena wamwa LA mpaka kumaliza koma osasintha, musadikire ndipo musazungulire m'makiliniki. Pitani ku chipatala chachikulu cha boma cha Nkhotakota ndipo mukanene momveka kuti mumakhala m'mphepete mwa nkhalango, mudalumidwa ndi kashembe, ndipo mukupempha kuti akuyezeni kaodzera. Mawu amenewa muwanene ngakhale asanakufunseni. Kuyeza ndi mankhwala omwe ndi zaulere ku chipatala cha boma. Kale odwala amene matenda adafika ku ubongo ankabayidwa jakisoni wa melarsoprol, amene payekha ankatha kupha, koma tsopano kuli mapiritsi a fexinidazole, amene kafukufuku wake adachitikira ku Rumphi ndi ku Uganda, ndipo amamwedwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya moyang'aniridwa ndi achipatala. Si mankhwala ogula pa golosale.

Kashembe amakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda, ndiye chifukwa chake mudzaona nsalu za mitundu imeneyi zitaimikidwa m'tchire. Nsaluzo zidapakidwa mankhwala ophera ntchentchezi, choncho ana asaziseweretse ndipo munthu asazichotse kuti akasokere zovala kapena makatani. Inuyo popita kumunda kapena kotola nkhuni, valani zovala zochindikala, za manja aatali, za mtundu wa kaki kapena wotuwa, chifukwa kashembe amaboola nsalu yopyapyala. Mwana wakumbuyo mumufunde bwino, ndipo chitenje chake chisakhale cha buluu.

Za njoka ndinene mwachidule, popeza mphiri imakonda kugona m'njira ndipo sithawa. Munthu akalumidwa musamange mwendo ndi chingwe, musateme mphini, musayamwe bala. Mugonekeni, mumuvule mphete kapena nsapato malowo asanatupe, mwendowo usagwedezeke, ndipo mumunyamule kupita naye ku chipatala. Galu kapena nkhandwe ikaluma, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako mukafunse katemera wa chiwewe tsiku lomwelo.

Mukangofika, mukadziwane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, chifukwa ndiye amadziwa masiku a sikelo ya ana ndi katemera, ndipo angakupatseni nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, kumene mumayankhula ndi anamwino mwaulere. Zipatala za mishoni zimathandiza bwino koma zimalipitsa, choncho mufunsiretu mitengo. Bambowo azikhala masiku angapo kutchire pa patrol foni isakugwira, ndiye ndalama ya kabaza wa njinga yamoto, mwina K15,000 kapena kuposerapo malinga ndi mtunda ndi mtengo wa mafuta, izikhala m'manja mwanu osati mwawo, ndipo mukhale ndi nambala za akabaza awiri amene amavomera kudzuka usiku.