Za mantha otengera kwa mayi: yankho langa

Achemwali, mwafunsa ngati mantha a amayi anu analowa m'magazi mwanu, popeza nyumba yawo ku Mbare, mu Harare, inagwetsedwa pa Murambatsvina, ntchito ya boma la Zimbabwe yogwetsa nyumba, mu 2005 inu muli m'mimba, komanso ngati kusinkhasinkha kokhazika mtima pansi (meditation) kungawachotse. Pepani kwambiri. Azakhali anga mpaka lero akamva chilole chikulira pafupi ndi mpanda amasiya nsima pamoto n'kuthamangira panja, ndiye nkhaniyi ndikuimva.

Zilembo za DNA yanu, malangizo a thupi omwe timatengera kwa makolo, sizinasinthe. Chimene chimasintha ndi tizizindikiro tomata pamwamba pake, timene timauza jini (kachigawo ka DNA) kuti ligwire ntchito kapena likhale chete. Asayansi amati epigenetics. Mu 2004 Michael Meaney ndi anzake a ku McGill, ku Canada, anaona kuti ana a makoswe omwe mayi awo ankawanyambita kwambiri ankakula osadzidzimuka msanga, chifukwa jini lothandiza thupi kuziziritsa mahomoni a mantha linali lotseguka. Koma tamvani apa: atatenga mwana wa khoswe wosanyambita n'kumupatsa mayi wonyambita, mwanayo anatengera womulera uja. Kaleredwe kanasintha tizizindikiroto.

Kwa anthu, Rachel Yehuda wa ku New York mu 2013 anayeza asilikali 16 ovutika ndi zimene anaona kunkhondo. Omwe anachira ndi uphungu, tizizindikiro ta pa jini lina lokhudza mahomoni a mantha lotchedwa FKBP5 tinasintha. Mu 2014 Perla Kaliman ndi anzake anapeza kuti anthu 19 ozolowera kusinkhasinkha, atatero kwa maola 8, majini ena oyambitsa kutupa m'thupi anachepa mphamvu. Anthu ake anali ochepa, achemwali. Choncho wina akakuuzani kuti mulipire madola kuti "akukonzereni DNA" m'sabata imodzi, ndalama zanu sungani.

Kupuma mozama mphindi 10 m'mawa yesani ndithu, koma zikamakubweretserani zithunzi zoopsa m'mutu, lekani kaye mupeze woyankhula naye. Thandizo lili konkuno. Friendship Bench inayambira ku Mbare komweko mu 2006 ndi Dr Dixon Chibanda. Agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi lathabwa panja pa kiliniki, mumawafotokozera za kuganiza kwambiri kuja anzathu Achishona amati kufungisisa, ndipo salipiritsa. Kafukufuku wa 2016 wa anthu 573 anasonyeza kuti nkhawa inatsika kwambiri.

Tengani amayi mupite nawo limodzi. Ngati mukuopa, ndilembereni ku inbox ndidzakuperekezeni tsiku loyamba.