Filimu ya chigaza ija simunalote, achimwene

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Nchalo. Akuti ali mnyamata anaonera filimu pa vidiyo sho ina pa Dyeratu, ya bambo ndi mwana wake amene anagwira chigaza limodzi n'kusinthana matupi. Dzina analiiwala. Anzawo kuntchito ena akuti ndi Big ya Tom Hanks, ena akuti anangolota. Ndiye akufunsa: filimuyi ndi iti, nanga bwanji palibe amaikamba?

Achimwene, filimu yanu ndi Vice Versa, ya mu 1988. Bambo uja ndi Judge Reinhold, wapolisi wofatsa wa mu Beverly Hills Cop, ndipo mwanayo ndi Fred Savage. Bamboyo, Marshall, ndi bwana pa sitolo yaikulu ku Chicago, banja linatha, mwana amamuona mwa apo ndi apo. Atapita ku Thailand, akuba anamubisira chigaza chamatsenga m'katundu. Kunyumba iye ndi mwana wake Charlie akangana, aliyense n'kunena kuti mnzake ndiye akumva kukoma, uku onse atagwira chigazacho. Basi, bambo kusukulu, mwana ku ofesi. Nkhaniyi ndi yakale kwambiri: inachokera m'buku la F. Anstey la mu 1882, kungoti m'bukumo chosinthitsa chinali mwala wa ku India.

Anzanu a Big aja muwauze kuti m'menemo mulibe kusinthana. Mwana amangodzuka atakula, yekha. Koma kusokoneza kwawo n'komveka, ndipo ndi komwe kunakwirira filimu yanuyi. Mu Okutobala 1987 kunatuluka Like Father Like Son, nayonso ya bambo ndi mwana. Vice Versa inabwera mu Malichi, 18 Again! mu Epulo, kenako Big mu Juni, imene inakokolola ndalama mpaka Tom Hanks kulowa pa mpikisano wa Oscar. Zili ngati kufika ndi nsomba zako pa msika wa Bangula anthu atagula kale ndiwo, winanso akubwera m'mbuyo mwako ndi mlamba waukulu.

Kuno kunali chifukwa china. Eni vidiyo sho ankadziwa kuti mwana wogulitsa madzi ozizira salipira ndalama yake kuti akamvere azungu akucheza. Ankafuna Van Damme, Rambo, Chuck Norris. Chibakera sichifuna womasulira, pomwe nthabwala zimafuna. Anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa anabwera mochedwa, ndipo pofika nthawiyo ndani akanakumbuka filimu ya 1988 yopanda ndewu?

Imelo yanu inandipangitsa kuifunafuna, ndipo ndinaionetsa kwathu ku Ngabu, pakhonde, chifukwa m'nyumba simunkalowekamo ndi kutentha. Ine ndinali womasulira. Maganizo anagawikana msanga. Azakhali anga atangoona chigaza anaimirira, amvekere zimenezi si zoseka, munthu wosunga chigaza m'nyumba timam'dziwa dzina lake. Anthu a ku Chicago aja chigazacho amachiona ngati chidole chongoyambitsira nkhani. Kwa azakhali, filimu yonse inali ya ufiti, ndipo sanabwererenso.

Ana anakonda Reinhold, bambo wamkulu wa taye akudumphadumpha ndi kuimba ng'oma m'sitolo. Ine pamenepo ndimaona kuti amawonjeza. Mwana wa zaka 11 si wopusa choncho. Amene amanyamula filimuyi ndi Fred Savage. Taonani mmene amayendera, mmene amakwinyira nkhope polankhula ndi aphunzitsi, mmene amagwirira tambula ya mowa ngati munthu wotopa ndi ngongole. Sachita nthabwala ayi, amangokhala bambo wokwiya amene aliyense akumuuza kuti khala chete ndiwe mwana.

Amalume ndi amene anandidabwitsa. Poyamba ananyansidwa: mwana kuloza chala akuluakulu, ati ndi mwano, kaya m'kati mwake muli bambo kaya mulibe. Koma pamene bambo uja anakhala pa desiki, ana anzake akumuvutitsa, aphunzitsi osafuna kumva mbali yake, amalume anasiya kuyankhula. Itatha anangofunsa mdzukulu wawo wa Sitandade 6 kuti m'kalasi mwawo amakhala angati, ndipo amakhala pansi kapena pa benchi. Mwanayo wakhala akupita kusukulu imeneyo zaka zonsezi amalume osafunsapo.

Mbali ya akuba ofuna chigaza chawo ndi yozizira, mungathe kukatunga madzi n'kubwerera osataya kanthu. Poifunafuna samalani, pali Vice Versa ina ya ku Britain ya mu 1948, yopanda mitundu. Yanu ndi ya Reinhold ndi Savage. Mukaipeza muitane anzanu akuntchito aja, makamaka amene anati munalota.